Mikanda Itatu ya a Bapa

Ana anga, mwakula mukumva anthu a ku Kaomba akunditchula kuti Amikanda. Ena mwa inu munamenyapo anzanu kusukulu chifukwa cha dzinali. Simunandifunsepo kumene linachokera, ndipo munachita bwino, chifukwa nthawi imeneyo sindikanakuyankhani. Tsopano maso afooka, makina ndinapereka, nthawi ndili nayo. Ndilemba kamodzi. Amayi anu akanakhala ndi moyo akanakonza pena ndi pena, koma sakanatsutsa.

Chaka chachiwiri cha ufulu

Sukulu ndinalekera Sitandade sikisi. Kusoka ndinaphunzira kwa amalume ku Njombwa. Ntchito yanga yoyamba, imenenso ndinakhalitsapo, inali pa khonde la sitolo ya mwenye, m'mbali mwa msewu wafumbi umene malole a fodya ankadutsa. Makina anali a sitolo, opalasa ndi mapazi. Munthu ankagula nsalu m'kati n'kutuluka nayo kwa ine. Mwini sitolo anali nkhalamba yowonda ya tsitsi loyera, imene tonse tinkaitchula kuti a Bapa potsanzira mwana wawo. Mwanayo ndiye ankapita ku Lilongwe kukaoda katundu. A Bapa ankakhala pa sikelo.

Tsiku loyamba anandipatsa nsalu ya kaki kuti ndisoke kabudula. Nditamaliza anagwira msoko ndi manja awiri n'kukoka. Sunang'ambike.

"Mawa ubwere," anatero. Chichewa chawo chinali chochepa koma chomveka.

"Mawa ndi Lamulungu. Sindigwira ntchito."

"Tsiku la Mulungu wako?"

"Inde."

"Ndiye usabwere. Ubwere mkuja."

Zaka zonse zimene ndinakhala pa khondelo sanandiitanepo tsiku la Sabata, ngakhale m'miyezi yogulitsa fodya pamene nsalu zinkaunjikana kufika m'mawondo. Zimenezi muzisunge, chifukwa ndi zimene zinandiyendetsa pambuyo pake.

Ndinali ndi malamulo anga. Sindinkasoka diresi yosabisa mawondo, boma lisanaletse n'komwe. Zidutswa zotsala ndinkakulunga pamodzi ndi chovala n'kubwezera mwiniwake. Ndipo tepi yanga sinkakhudza thupi la mkazi wa mwini. Mayi akafuna diresi ankabweretsa yakale, kapena luzi limene mnzake wamuyeza nalo n'kumanga mfundo. Atelala ena ankandiseka. Koma amuna ankatumiza akazi awo kwa ine mtima uli m'malo, ndipo telala wa kumudzi amadya chimenecho. Makina ndikanatha kubwereka kwina. Dzina ndinali nalo limodzi.

Patapita nthawi pang'ono a Bapa anandibweretsera kathumba kakale, kopindika ngati sokosi, n'kundiuza kuti ndisoke kena kofanana nako. Kanali ndi bowo pambali. Ine ndinaona ngati n'kutha kwa nsalu, choncho katsopanoko ndinakasoka bwinobwino, kopanda bowo. Iwo anapisamo dzanja, chala cha mkombaphala n'kumagunda nsalu kufuna potulukira. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Telala, watseka khomo."

"Khomo la chiyani?"

"La chala ichi. Chala ichi n'choipa. Chimaloza anthu, chimaneneza anthu. Sichikhudza mala."

Anapisa dzanja m'khosi mwa malaya n'kutulutsa chimene ankachitcha mala. Inali mikanda ya mtengo, yofiirira, yaikulu ngati nzama, yosalala chifukwa chogwiridwa. Inkanunkhira fungo lozizira limene sindinalimvepo pa mtengo uliwonse wa kuno. Inalipo zana limodzi ndi isanu ndi itatu, ndipo pamene chingwe chinakumana panali mkanda umodzi waukulu wa mphonje. Inali ya amayi awo. Masana ankaivala m'khosi, m'mawa ankapempherera. Ndinasoka kathumba kena, ka bowo, ndipo m'mphepete mwa bowolo ndinazunguliza ulusi ngati potowetsa batani.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuonetsetsa. Ndinkafika sitolo isanatsegulidwe kuti ndithire mafuta m'makina. A Bapa ankakhala pa thumba la mchere, nkhope kum'mawa, maso otsinzina, dzanja m'kathumba pa chifuwa, chala chija chili kunja. Milomo inkayenda pang'ono. Chala chachikulu chinkakoka mkanda umodzi umodzi pa chala chapakati. Akafika pa wa mphonje sankaudumpha, ankatembenuza n'kubwerera. Nthawi imeneyo munthu akagogoda sankayankhidwa, ngakhale atakhala wa boma. Akamaliza ankatsegula chitseko, ndipo tsiku lonse, kaya wina awatukwane pa sikelo, mawu awo sankakwera.

Anthu ankanena zambiri. Akatolika ankati ndi kolona wa amwenye. Amalonda achiyawo ankati ndi tasibihi. Ena ankati ndi chizimba cha chuma. Koma ambiri ankangoseka, chifukwa kwathu kuno mikanda ndi ya akazi, ya m'chiuno, ndipo amaiona ndi mwamuna wake yekha. Mwamuna wamkulu kugwiragwira mikanda dzuwa likuswa mtengo, kwa ife zinali zachilendo. Ndinawafunsa kamodzi.

"Mumawerenga chiyani?"

"Sindiwerenga. Ndimatchula dzina la Mulungu. Mkanda umodzi, dzina limodzi. Mtima wa munthu umayenda ngati mbuzi, telala. Iwe ukufuna kupemphera, iwo uli m'munda wa eni. Ichi n'chingwe."

"Ife timapemphera opanda chingwe."

"Ndiye mbuzi yako ndi yofatsa."

Ndinkadziwa kuti m'tchalitchi, abusa ali pa pemphero lalitali, ine ndinkadula makolala a malaya m'mutu.

Chaka chimene shuga anasowa

Ndinali nditakwatira amayi anu, Nambewe, ndipo awiri oyamba mwa inu munali mutabadwa. Chaka chimenecho katundu ankavuta. Palafini ankabwera mwa apo ndi apo, ulusi woyera ndinkachita kumasula m'zovala zakale, shuga anasowa kuyambira nthawi yokolola chimanga. Anthu anali atagulitsa fodya, ndalama zili m'manja, chogula palibe. Ndiye tsiku lina masana lole inatsitsa matumba a shuga.

Mbiri inathamanga. Amayi anachoka m'zigafa, anasiya masamba a fodya osasankha, anadzaza sitolo mpaka pa khonde. Makina anga ndinawakokera ku ngodya. A Bapa anali pa sikelo yopachika, ija ya ngowe. Anthu atakankha kauntala iwo anawerama kuti agwire mbale ya sikelo, ngowe n'kukola mala imene inali itatuluka m'malaya. Chingwe chinali chakale ndipo chinalibe mfundo pakati pa mikanda. Chinaduka. Ndinamva mikanda ikugwa pa simenti ngati nyemba.

Muyenera kumvetsa kuti amayiwo sanabe. M'sitolomo munkagulitsidwa mikanda ya galasi m'mabotolo, ndipo botolo likatayika, wotola ankatenga, a Bapa n'kungoseka. Ndiye anawerama ndi kutola, ena akuseka, ena akumanga pa nsonga ya chitenje. A Bapa anafuula m'chinenero chawo. Palibe anamva. Shuga atatha, anthu atabalalika, ine ndinasesa sitolo yonse, ndinasuntha matumba, ndinapisa waya m'ming'alu. Imene tinapeza sinafike theka.

M'mawa mwake ndinawapeza pa thumba la mchere monga mwa masiku onse, nkhope kum'mawa, dzanja m'kathumba. Zala zinkayenda. M'kathumbamo munalibe kanthu. Ndinathira mafuta m'makina, ndinayang'ana kumbali.

Madzulo ndinawauza amayi anu.

"Nambewe, mikanda ija ndikuifuna."

"Mukuifuna inu, kapena mwenye?"

"Ndikuifuna ine."

"Mukudziwa kumene yapita, bambo a Esinati?"

"Kwa amene anatola."

Anaseka. "Atsikana avala m'khosi ndi m'manja, imeneyo ndi yosavuta. Koma akuluakulu aitungira pamodzi ndi yawo. Akuti ikununkhira bwino. Inu musatsegule pakamwa panu. Ndisiyireni."

Mwana wa a Bapa anapereka botolo la mikanda ya galasi yosinthitsa. Amayi anu ankapita nayo ku mtsinje kumene amayi ankasamba ndi kuchapa, ndi ku mtondo, ndi ku misonkhano ya amayi. Ankabwera nayo iwiri, isanu, nthawi zina umodzi. Ine ndinkaika m'chitini cha mabatani. Ambiri atamva kuti ndi yopempherera anabweza ndi manyazi. Ena anachita mantha kuti mwina ndi mankhwala, anabweza mothamanga. Potsiriza inasowa itatu.

Ndinayesa nzeru zanga. Ndinasema itatu ya mlombwa, ndinaikwecha ndi mwala, ndinaipaka mafuta, ndinatunga yonse pamodzi osanena kanthu. A Bapa anatsinzina n'kuyamba. Zala zitafika pa woyamba wa mlombwa zinaima. Anatsegula maso.

"Awa ndi alendo."

"Chiwerengero chakwana."

"Chakwana. Koma zala za amayi anga sizinadutse apa. Ndikafika apa, mbuzi imathawa."

Mwana wawo anati akagula ina ku Limbe. Iwo anakana. Sanakalipe, sanadandaule kwa munthu. Anangoyamba kuwonda, ndipo pa sikelo anayamba kulakwitsa.

Itatuyo amayi anu ankadziwa kumene inali. Inali kwa NyaSoko, mkazi wamng'ono wa a Zimba, amene anali tcheyamani wa chipani m'dera lathu. NyaSoko anali wochokera cha ku Chisemphere, wokongola, wa pakamwa pakuthwa. Amayi anu atamupempha pa mtsinje, iye anayankha mokweza, amayi onse akumva.

"Yayi, amama. Amuna anga alikonda fungo lake. Ngati atelala anu akuifuna, abwere adzachotse okha. Si paja saopa mwenye koma amaopa chiuno?"

Amayi anaseka, ndipo mawu a pa mtsinje sakhala pa mtsinje. Sabata isanathe, amuna odutsa pa khonde anayamba kundifunsa ngati ndapeza lumo loyenera. Wina anandiuza kuti luzi latha m'tchire, ndiyambe kuyeza ndi manja. Ine ndinkangopalasa makina.

Amayi anu anati: "Zisiyeni. Akaseka atopa. Mikanda itatu si munthu."

Ndinaganiza masiku angapo. Ndikanakhala chete, nthabwala ikanatha yokha, dzina langa likanatsala monga linalili. Njira yopezera mikandayo inali imodzi, kupita kwa mwamuna wake, chifukwa za m'chiuno mwa mkazi wolamula ndi mwamuna. Koma kwathu kuno mwamuna amene watchula mikanda ya mkazi wa mnzake wadzitengera mlandu wa chigololo ndi pakamwa pake. Ndipo mnzakeyo anali tcheyamani. Masiku amenewo tcheyamani akanena mawu amodzi ku boma, munthu ankakwera galimoto osatsanzika. A Bapa sanandipemphe. Sankadziwa n'komwe za NyaSoko. Koma m'mawa uliwonse ndinkaona dzanja lija likuyenda m'kathumba kopanda kanthu, kathumba kosoka ine. Munthu ameneyu sanandilandepo tsiku langa lopemphera. Anthu a kwathu anamulanda lake, ine ndikuona.

Ndinavala jekete. Ndinawauza amayi anu kuti avale chitenje chabwino.

"Tikupita kuti?"

"Kwa a Zimba."

"Mwapenga, bambo a Esinati."

"Mwina. Tiyeni."

Ndinasankha masana, ndipo ndinasankha nthawi imene a Zimba anali ndi anthu. Sindinafune kuti wina adzanene kuti telala ananong'ona kuseri kwa nyumba. Tinawapeza m'chigafa ndi amuna angapo akumanga fodya wotsala m'mabelo. Anali munthu wamkulu thupi, wa mawu olemera. Tinapereka moni, amayi anu anakhala pansi chapatali, ine anandipatsa mpando.

"A Telala, mwatiyendera. Khadi muli nayo?"

Ndinatulutsa khadi ya chipani. Anaiyang'ana n'kubweza.

"Nenani."

"A Tcheyamani, tsiku la shuga mikanda yopempherera ya a Bapa inatayika. Yonse yabwera. Yatsala itatu. Ili pakhomo pano."

"Pakhomo pano pati? M'nkhokwe?"

"Ili kwa amayi aang'ono."

"Avala m'khosi? Ine sindinaione."

"Si m'khosi."

Amene ankaponda belo anasiya mwendo uli m'mwamba. A Zimba anaika pansi fodya anali m'manja.

"A Mwale, za m'chiuno mwa mkazi wanga mwazidziwa bwanji?"

"Sindinaone, ndipo sindifuna kuona. Ndamva kwa mkazi wanga uyo. Iye anamva kwa akazi anu, pa mtsinje, amayi onse a mudzi uno alipo. Amene muli panonu akazi anu anakuuzani kale. Ndabwera kwa inu chifukwa wochotsa ndinu."

Amuna aja anayang'ana pansi. A Zimba anaona kuti ayang'ana pansi, ndipo apa m'pamene anadziwa kuti mudzi wonse unkadziwa kupatula iwo. Nkhope inasintha.

"Ndiye mwabwera kudzandivula pamaso pa anthu chifukwa cha mwenye?"

"Ndabwera kudzapempha."

"Mulungu wake mumamudziwa?"

"Sindimudziwa. Munthuyo ndiye ndimamudziwa."

"Mukudziwa kuti ndikhoza kupita ku boma lero lomwe? Telala wolowerera m'mabanja a atsogoleri. Telala wotumikira alendo. Mukudziwa kumene amapita otere?"

"Ndikudziwa."

"Nyamukani."

Tinanyamuka. Tinayenda mpaka pa mlatho. Pamenepo amayi anu anati, "Mukakwera galimoto, makinawo ndi a mwenye. Ana adzadya chiyani?" Ndinawauza kuti sindikudziwa.

Miyezi ya chilimwe chimenecho

Galimoto sinabwere, koma tinkaimva m'makutu tsiku lililonse. Lole ikaima pa msewu amayi anu ankasiya chimene akuchita. Chimene chinabwera ndi china. Nkhani inayenda mokhota, monga nkhani zimayendera. Kumene inafika inali yakuti telala wa pa sitolo ya mwenye amadziwa mikanda ya akazi a eni, mtundu wake ndi fungo lake. Amuna analetsa akazi awo. Madiresi anayamba kupita kwa telala wina wa ku msika, amene ankayeza ndi tepi ndi manja onse awiri, koma za iye palibe ananena. Nsalu za amayi ovina pa misonkhano ya chipani, zimene ndinkasoka chaka ndi chaka, zinapita komweko. Nthawi imene telala amakolola, ine ndinkakhala pa makina kusoka zigamba za matenanti a ku esiteti. Kunyumba tinadya ndiwo zopanda mafuta. Dzina la Amikanda linabadwa nthawi imeneyo, ndipo silinali la nthabwala.

Seshoni ya mpingo inandiitana. Akulu anandifunsa zinthu ziwiri, za mkazi wa mwini ndi za kutumikira mafano. Za mkazi amayi anu anaimirira n'kufotokoza zonse, ndipo amayi ena awiri anavomereza. Za mafano ndinayankha ndekha. Ndinati sindinapempherepo ndi mikanda, koma lamulo lakuti usabe silinena kuti kupatula za mwenye. Sanandidule mu mpingo. Koma dzina langa linali pakati pa ofuna kusankhidwa kukhala akulu a mpingo, ndipo linachotsedwa. Silinabwererenso.

A Bapa anaona kuti khonde lazizira.

"Telala, amayi ali kuti?"

"Ali kumunda."

"Chilimwe?"

"Akusosa."

Kuyambira tsiku limenelo mwana wawo ankandipatsa nsalu za m'sitolo kuti ndisoke malaya ogulitsa okonzeratu, ngakhale akale anali asanathe pa shelefu. Sitinakambirane chifukwa chake.

Mitambo itayamba kusonkhana, tsiku lina m'mawa dzuwa litakwera, a Zimba anaimika njinga patsogolo pa sitolo. Ine ndinaimirira. Ndinaganiza kuti tsiku lija lafika. Anamasula mtolo pa kaliyala n'kuponya pa makina buluku la kaki.

"Thumba labooka. Musoke."

"Liti?"

"Lakumanja. Ndidikira."

Anatembenuka n'kumayang'ana msewu, manja kumbuyo. Ndinapisa dzanja m'thumba lakumanja. Pansi pake panali kansalu komanga mfundo, ndipo m'kati mwake zala zanga zinagunda tinthu titatu tolimba. Ndinakatsetsereza m'chitini cha mabatani. Ndinatembenuza thumba, ndinaliyang'ana pa dzuwa. Linalibe bowo. Ndinalisokabe, mizere iwiri, ndinadutsitsa simbi ya makala, ndinapinda.

"Zingati?" anafunsa.

Ndinawauza mtengo wa thumba lobooka. Analipira. Akumanga buluku pa njinga analankhula osandiyang'ana.

"Mukanabwera nokha, a Mwale, nkhaniyi ikanatha tsiku lomwelo."

"Ndikanabwera ndekha, anthu akananena kuti tinagwirizana za mtengo."

Anagwedeza mutu, anakwera njinga. Sitinakambenso mpaka imfa yawo. Nsalu za chipani sizinabwererenso kwa ine.

Amayi anu anatsuka mikandayo ndi madzi ofunda. Ine ndinatenga ulusi wolimba wosokera mabelo, ndinaupota pawiri, ndinachotsa ya mlombwa ija, ndinatunga yonse. Nthawi ino pakati pa mkanda ndi mkanda ndinamanga mfundo, kuti chingwe chikadzadukanso ugwe umodzi wokha. Ntchitoyo inanditengera tsiku lathunthu. M'mawa mwake ndinaika mala pa thumba la mchere a Bapa asanatuluke, ndinapita kukathira mafuta m'makina.

Anaitola, anakhala pansi, anaiika m'kathumba n'kupisamo dzanja, anatsinzina. Ndinkayang'ana chigongono chawo, chifukwa zala zikaima chigongono chinkaima. Sichinaime. Anafika pa wa mphonje, anatembenuza, anabwerera. Tsiku limenelo sitolo inachedwa kutsegulidwa, anthu anagogoda mpaka kutopa. Atamaliza anatulutsa mala, anainunkhiza chigawo ndi chigawo, n'kuima penapake.

"Mafuta a nsatsi," anatero.

"Inde."

"Inali kuti?"

"Kwa anthu."

Anandiyang'ana, anayang'ana khonde lopanda amayi, anaivala m'khosi. Sanafunsenso. Sananene kuti zikomo, ndipo sindinkayembekezera. Anapita pa sikelo, ndipo tsiku limenelo sanalakwitse.

Chaka chimene amwenye anachoka

Amayi anabwerera pa khonde pang'onopang'ono, oyamba anali okalamba. Ena sanabwerenso. NyaSoko anatumiza luzi lake kudzera mwa mnzake patapita zaka, ndipo ndinamusokera diresi yabwino, yobisa mawondo.

Kenako boma linalamula kuti amwenye achoke m'midzi akachite malonda m'mizinda. Sitolo inagulidwa ndi munthu wa kuno, amene sanafune telala pa khonde. Makina aja mwana wa a Bapa anandigulitsa motchipa, ndi omwe munakulira mukuwamva. Ine ndinapita ku esiteti ina ya fodya kukasoka mayunifolomu a alonda ndi ziguduli za mabelo, ndipo ndinapumira komweko. Mabwana a kumeneko ndilibe nawo mawu ambiri. Ankalipira mochedwa ndipo ankatigwiritsa ntchito Lamulungu.

Lole ya katundu wawo isananyamuke, a Bapa anabwera pa khonde ndi kathumba kaja, katatha.

"Soka kena. Ku Lilongwe atelala sadziwa."

Ndinasoka tiwiri.

"Khomo wasiya?"

"Ndasiya."

Anapisa dzanja, chala chinatuluka. Anakwera kutsogolo kwa lole, mala ili m'khosi. Sindinawaonenso. Ndinamva patapita nthawi kuti anamwalira.

Ndi zimenezo. Sindinakhale mkulu wa mpingo, ndipo chaka chija munagona ndi njala masiku ena chifukwa cha ine. Amayi anu anandikumbutsa zimenezi mpaka ukalamba, ndipo sankalakwa. Mukandifunsa ngati ndikanapitanso ku chigafa chija, ndikanapita, masana omwewo, anthu alipo. Choncho mukamva wina akuti Amikanda, musamumenye. Ine ndimayankha.